Dzanja la Eneida ndi Chingwe cha Seva

Ku Caibarién, tauni ya asodzi ya m'mbali mwa nyanja, aliyense amadziwa kuti ukafuna munthu wokugwirira chinthu, upite kwa Eneida Quiala. Anayamba ali kamtsikana. Bambo ake akamasoka khoka, iye ndiye ankagwira nsonga yake kuti mphepo isalipinde. Amayi ake akamapha nkhumba ya kumapeto kwa chaka, iye ankagwira beseni. Wailesi ya kanema itabwera pakhomo pawo, Eneida ankaima padenga atagwira mlongoti, a m'nyumba akukuwa kuti, "Pomwepo! Usasunthe!" Sewero lonse la chaka chimenecho analimva ndi makutu okha, ndipo ankadziwa kuti wina wafa akamva azakhali ake akufwenthera pansi pake. Atakula, anayamba kugwirira anthu malo pamzere wa buledi ndi wa nkhuku. Masiku ena ankakhala anthu angapo pamzere umodzi, eni ake atapita kukaphika.

Palibe amene ankaziona ngati ntchito. Wokhoma msomali ndiye wagwira ntchito. Wogwira makwerero wangoima.

Chimene chinamupatsa ukatswiri umenewu n'chakuti Eneida salankhulalankhula. Munthu wa kuno ukamumanga manja, wamutseka pakamwa. Akamafotokoza za nkhanu imene anagwira, manja amayamba kutambasuka liwu lisanatuluke. Akamakana, chala chimakana kaye. Anthu amataya khofi, amagwetsa zipewa za anzawo, ena amatsika panjinga kuti amalize bwino nkhani. Eneida yekha ndiye ankatha kumva nkhani yonse ya chigololo cha woyandikana naye, dzanja lake lili phee, ngati lapachifanizo cha m'tchalitchi.

Ntchito yake yeniyeni inali yosoka. Mwamuna wake, Heriberto, ankasamalira makompyuta ku kopaletivi ya asodzi. Anali munthu wofatsa, wadazi, woopa mabwana ndi mabingu, ndipo ankamutchula mkazi wake kuti vieja, nkhalamba, kuyambira onse ali ndi mano okwana.

Kuseri kwa ofesi ya kopaletiviyo, pafupi ndi chipinda cha ayezi, kunali kachipinda ka seva, kompyuta yaikulu imene makompyuta ena onse a pamenepo ankaidalira. Makalata ochokera ku likulu la chigawo ankadzera mmenemo, ngakhale chilolezo choti mabwato alowe panyanja. Seva ya kumaiko ena ikafuna pulogalamu, imangotambasula dzanja pa intaneti n'kutenga. Ya ku Caibarién, m'zaka zimenezo, ikanatambasula dzanja likanauma lisanagwire kanthu. Waya wa lamya amene analipo ankangokwanitsa kunyamula makalata, nawonso mopuma m'njira. Choncho mafayilo onse oikira mapulogalamu ankabwera mu disiki yapadera, yokopedwa ndi mnzake wa Heriberto ku Santa Clara. Heriberto analemba mzere umodzi mu sevayo wouza makinawo kuti: chilichonse chimene ukufuna usakachifune kutali, chili mu disiki ili pambali pakoyi.

Wokatenga disikiyo ku Santa Clara anali Eneida, "popeza ukupitanso kukagula ulusi." Ankaikulunga m'thaulo, n'kuiika mumphika, mphika pamiyendo, iye pabenchi ya lole.

Vuto linali chingwe. Pakamwa pa disikiyo, polowetsa chingwe, panali patakula chifukwa choyendayenda m'maofesi ambiri. Chingwe chikapendekeka pang'ono, kanyali kobiriwira kankazima, seva n'kusowa kopita, ntchito n'kuima. Heriberto anayesa tepi, anayesa pegi yoyanikira zovala, anayesa mphira wa chubu, anayesa njerwa. Tsiku lina mlembi wa pa ofesi anayatsira kandulo kwa woyera mtima wake. Zonsezi sizinaphule kanthu, chifukwa chingwecho chinali ndi khalidwe. Chinkafuna kukanikizidwa chapansi, kenako disiki ikatentha, chinkafuna kutukulidwa pang'ono kwambiri, monga mmene umachitira ndi nsalu yoterera pansi pa singano. Tsiku lina Eneida anabweretsa chakudya cha masana, Heriberto n'kunena kuti, "Vieja, tandigwirira apa kamphindi." Kamphindi kameneko kanatha zaka.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene Eneida ankachifuna cha iye mwini: gule wa danzón. Anakumana ndi Heriberto pagule ameneyo, ndipo nthawi imeneyo dazi linali lisanayambe, mapazi ake anali opepuka. Chaka chilichonse, Lamlungu lina madzulo, kupaki kumakhala mpikisano wa mabanja achikulire, bandi ikuimba pansanja yake. Eneida anali atasokera madiresi pafupifupi akazi onse amene anapambanapo. Iye sanalowepo. Chaka china mphezi inagwera pa seva. Chaka china kunkabwera alendo. Chaka chathachi anamva nyimbo zonse kudzera pawindo la kachipinda kaja, chala pachingwe, phazi likumenya pansi mochenjera kuti tebulo lisagwedezeke.

Chaka chino anadzisokera diresi yofiirira ngati mkati mwa gwafa, ndipo anatulutsa chokupizira mphepo chimene azakhali ake anamusiyira. Heriberto analumbira pamanda a amayi ake kuti avina.

Loweruka madzulo anafika ndi kachidutswa ka jamu wouma wa magwafa, katakulungidwa m'pepala. Eneida anayang'ana kachidutswako, n'kuyang'ana mwamuna wake. Heriberto sabweretsa zotsekemera pachabe.

"Seva yadwalanso," anatero Eneida.

"Sinadwale kwenikweni, vieja. Magetsi anathima ili mkati moganiza. Makalata sakulowa. Lolemba mabwato akufuna chilolezo, ndipo abwana, a Wilfredo, akuti..."

"Disiki ili kuti?"

"Ili kwa a ku fakitale ya nsapato. Abweretsa mawa m'mawa."

"Mawa ndi Lamlungu."

"Ndi kamphindi chabe."

Eneida anadula jamuyo pakati, n'kudya mbali yake. Kenako anafunsa funso limene mkazi aliyense wotopa akanafunsa.

"Kodi chinthu chakocho chilibe mimba yake? Bwanji osachidyetsa zonsezo kamodzi, chizisunga chokha?"

"Ukuganiza kuti sindikudziwa? Ndi ntchito ya mzere umodzi imeneyo. Kukopera mafayilo mkati, n'kuchiuza kuti chiziyang'ana mwa icho chokha. Koma mulibe malo, vieja. Mwadzaza."

"Mwadzaza chiyani?"

Heriberto anakanda dazi. Aliyense ankadziwa chimene chinadzaza. Seva ya kopaletivi inali disiki yaikulu kuposa zonse mbali imeneyo ya tauni, choncho inali ngati chipinda chapadera cha mudzi wonse. Munali zithunzi za maukwati, nyimbo za msuweni wa woyendetsa lole, masewero a ku Brazil a mlembi. Wobwera kudzasungitsa ankabwera ndi nsomba kapena botolo la khofi, ndipo Heriberto sankatha kukaniza munthu wonyamula nsomba. Koma katundu wamkulu anali wa bwana mwini.

A Wilfredo, mkulu wa kopaletivi, anali munthu wamkulu thupi, wa mawu omveka mpaka kudoko. Eneida anaimira mwana wawo Yanelis pa ubatizo, choncho ankatchulana comadre ndi compadre, ubale umene umalola munthu kukupempha chilichonse popanda manyazi. Yanelis atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, a Wilfredo anachita phwando limene anthu akulinenabe, ndipo analijambulitsa pa kanema kuyambira m'mawa mpaka womaliza kuledzera atanyamulidwa.

Lamlungu m'mawa Eneida anafika ku ofesi atavala masilipasi, tsitsi lili m'zopiringira. Anapeza disiki ili patebulo, Heriberto ali pampando wake, a Wilfredo akuzungulira, ndi a Casimiro, mlonda wa pamalopo, nkhalamba yowonda yochokera ku Havana imene sinakhululukirepo tauniyi chifukwa chosakhala Havana. Mpando wa Eneida unali utaikidwa kale pamalo pake, ndi kapilo pamwamba.

Eneida anakhala pabenchi ya kukhoma, n'kupinda manja.

"Comadre, mpando wanu ndi uwu," anatero a Wilfredo.

"Lero sindigwira, compadre. Lero ndikuvina."

A Wilfredo anaseka mpaka mimba inagwedeza makiyi a palamba. "Muvina, muvina! Ndani wakukanizani? Komanso ntchito yake ndi iti apa? Kungogwira basi. Mwakhala pampando, pali ndi pilo. Ena amalipira kuti apume chonchi."

"Ndiye pumani inuyo."

Mawuwo anatuluka mofatsa kwambiri moti a Wilfredo anayang'ana a Casimiro kuti atsimikize ngati amvadi. Kenako anakwinya malaya m'manja.

"Heriberto, yatsa. Ine ndinagwirapo shaki, chinsomba cholusa chija, ndi manja awa."

Anakhala pakapilo, n'kutsina chingwe ndi zala ziwiri. Heriberto anawatsogolera: chapansi, chakumanzere, pomwepo. Kanyali kanayaka. Mizere ya zilembo inayamba kuthamanga pagalasi. A Wilfredo anakweza nsidze moyang'ana Eneida.

A Casimiro anayamba kuyeretsa zikhadabo ndi machesi. "Dzulo ndinamvera pelota pawailesi, mpira womenya ndi chibonga uja," anatero, ngati akuuza khoma. "Anyamata anu a timu ya Villa Clara aja, bola akanatumiza agogo awo. Woponya uja amaponya mpira ngati akudyetsa nkhunda."

"Casimiro, khalani chete," anatero Heriberto.

"Ine sindinanene kanthu. Ndangoti nkhunda."

Khosi la a Wilfredo linatupa. Anapirira. Kenako dzanja linauluka lokha, chala kuloza kudenga. "Nkhunda? Inu a ku Havana, amene mumagula oweruza ndi..."

Kanyali kanazima. Seva inalemba kuti sikupeza chimene ikufuna.

"Shaki ija inali yakufa kale," anatero a Casimiro.

"Khalani apa inuyo, mumve kukoma!"

A Casimiro anakhala, n'kugwira chingwe monyada ngati agwira ndudu yodula. Anachita bwino ndithu kwa kanthawi, mpaka a Wilfredo anawerama n'kuwanong'oneza kuti ku Havana kulibe munthu wodziwa kuphika nkhanu. Nkhalambayo inayankha ndi manja onse awiri, ndipo chingwe chinagwera pansi pa tebulo.

Anagwirizana kuti pasapezeke wolankhula. A Wilfredo anabwerera pampando, onse ali duu, moti phokoso linali la makina a ayezi okha. Pamenepo mayi wogulitsa mapeyala anadutsa pawindo n'kukuwa kuti, "Wilfredo, akazi ako akuti nyemba zatha!" A Wilfredo sanatsegule pakamwa, zoona, koma anayankha ndi dzanja kuti nanga ine nditani.

Pomaliza anavula lamba, n'kulamula kuti awamangirire dzanja kutebulo. A Casimiro anamanga mokondwa, mothina kuposa mmene panafunikira. Zinathandiza mpaka disiki itatentha ndipo chingwe chitafuna kutukulidwa pang'ono. Dzanja lomangidwa silitukula kanthu. A Wilfredo anayesa kulithandiza ndi phewa, tebulo lonse linasuntha, ndipo Heriberto anaiwakha disiki ili m'malere, maso ali gwa.

Dzuwa linali litafika pamutu. A Wilfredo anali thukuta lokhalokha, thalauza likutsetsereka.

"Comadre," anatero, mawu atatsika, "mabwato akapanda kulowa mawa, anthu andidya wamoyo."

Eneida ankadziwa zimenezo. Ena mwa asodziwo anali ana a anzake. Anamasula manja.

"Ndigwira, compadre. Koma lero ndi lomaliza. Heriberto akopere zonse m'mimba mwa chinthucho, chizidzidyetsa chokha. Mukakana, ndikupita kukasita diresi."

"Kopera, Heriberto! Ukudikira chiyani?"

Heriberto anayang'ana pagalasi. "Malo, bwana."

"Fufuta masewero a mlembi."

"Sakukwanira, bwana. Chachikulu ndi... ndi phwando la Yanelis."

"Kanema mmodzi yekhayo?"

Heriberto anatsegula pagalasi, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a munthu wowerenga mlandu wake womwe. "Phwando la Yanelis. Phwando la Yanelis, lina. Phwando la Yanelis, labwino. Phwando la Yanelis, lenileni. Phwando la Yanelis, osafufuta. Phwando la Yanelis, osafufuta ndithu. Phwando la Yanelis, la apongozi..."

"Nanga wina akawonongeka?" anatero a Wilfredo. "Munthu wanzeru amasunga zambiri. Nthawi iliyonse kukamveka za namondwe, ndimakopera wina."

"Koma onse ali mumphika umodzi, bwana. Mphika ukasweka..."

"Akazi anga oyamba ankabisa makiyi onse a nyumba m'nyumba momwemo," anatero a Casimiro. "Tinkalowera pawindo."

A Wilfredo anakana kuti chilichonse chifufutidwe asanaone ndi maso awo kuti makanemawo ndi ofanana. Eneida anayang'ana mthunzi pakhoma, umene unali utayamba kupendekeka. Heriberto anatsegula woyamba, n'kumadumphadumpha. Yanelis anaoneka atavala diresi yotambasuka ngati belu, imene Eneida anaisoka mausiku ambiri osalandira kanthu, poti ndi mwana wa ubatizo. Kenako keke, yaitali ngati nsanja, patebulo la mwendo umodzi waufupi. M'munsi mwa chithunzicho munali dzanja, litagwira mwendo wa tebulowo.

"Si inu apo, comadre?" anafuula a Wilfredo mokondwa. "Taonani, muli mu kanema!"

Heriberto anadumpha. Yanelis akutsika masitepe, kumbuyo kwake dzanja litanyamula mchira wa diresi. Anadumphanso. Yanelis akuvina ndi bambo ake, pambali dzanja litakweza nyali. Pamapeto, amalume ena akunyamulidwa, dzanja litagwira chitseko.

"Munaoneka bwino kwabasi tsiku limenelo," anatero a Wilfredo, koma mawu anachepa pamapeto, chifukwa ankayesa kukumbukira chimene comadre anavala, ndipo sanachipeze. Anakhosomola. "Siya awiri, Heriberto. Lenileni ndi la apongozi. Enawo achotse."

Pa kanema aliyense amene ankafufutidwa, a Wilfredo ankavula chipewa ngati maliro akudutsa. A Casimiro anafunsa ngati aimbe nyimbo.

"Akwana malo?" anafunsa Eneida.

Heriberto anayang'ana manambala. Anayang'ananso. Dazi linayamba kuwala. "Kwatsala pang'ono."

"Nanga icho n'chiyani?" A Wilfredo analoza ndi chala. Panali chikwatu china chachikulu, cholembedwa kuti: Zaukadaulo, musatsegule, n'zoopsa.

"Zimenezo ndi za mkati mwa makina, bwana. Munthu wamba sangazimvetse."

"Tsegula, viejo," anatero Eneida.

Heriberto anatsegula. Pagalasi panaoneka bwalo lobiriwira, munthu atanyamula chibonga, khamu likukuwa. Anali masewero onse a pelota amene Villa Clara inapambana kwa zaka zambiri, ndi ena amene inangotsala pang'ono kupambana.

Eneida anangomuyang'ana mwamuna wake mmene amayang'anira msoko wokhota.

"Ndinkati ndikuuze, vieja."

"Awa musafufute!" anatero a Wilfredo. "Ichi ndi chuma cha dziko!"

"Chikwatu chachikulu chonchi, Villa Clara inapambana liti kambiri chotere?" anafunsa a Casimiro. "Kapena nayenso amakopera kukamabwera namondwe?"

Heriberto anayang'ana masewero, anayang'ana masilipasi a mkazi wake, anayang'ana zopiringira tsitsi. Anatseka maso n'kudina. A Wilfredo anavulanso chipewa, ulendo uno misozi ili m'maso.

Eneida anadzuka pabenchi, anachotsa kapilo kaja n'kukaponya pambali, anakhala, n'kugwira chingwe. Kanyali kanayaka ngati kakumudziwa. Kukopera kunayamba, ndipo kamzere kosonyeza pamene ntchito yafika kankayenda ngati nkhono yokhuta.

Kupaki, woimba lipenga anayamba kuyesa mawu.

A Casimiro anatumidwa kukaitana Idalmis, woyandikana naye nyumba Eneida, amene amakonza anthu tsitsi. Idalmis anafika akuthamanga, diresi paphewa, nsapato m'khwapa, chipeso pakamwa.

"Amuna nonse, nkhope kukhoma!" analamula. "Iwenso Heriberto. Unaona kale zokwanira."

"Ndiyenera kuyang'ana galasi."

"Yang'ana ndi diso limodzi."

Kuvala diresi dzanja lili pachingwe si masewera. Idalmis anaidutsitsa pamutu, analowetsa mkono wamanzere, n'kuima. Mkono wamanja unali pantchito. Eneida anabweretsa dzanja lamanzere pang'onopang'ono, chala pamwamba pa chala, monga wopatsirana dzira losaphika. Kanyali kanaphethira. Heriberto analira ngati mwana wa mbuzi. Kanyali kanakhazikika. Mkono wamanja unalowa m'diresi n'kubwerera pamalo pake.

"Anthu inu mukanakhala ndi manyazi mukanamumangira chipilala mayiyu," anatero Idalmis, akumasula zopiringira. "Chipilala cha dzanja lokha, pakati pa paki."

"Tidzamupatsa satifiketi pa tsiku la amayi," anatero a Wilfredo, akulankhula ndi khoma.

"Satifiketi mukakulungire nsomba," anayankha Idalmis.

Bandi inayamba nyimbo yoyamba, yotenthetsera. Kamzere kanali katadutsa pakati. Heriberto, posowa chochita ndi mantha ake, anatenga mopu n'kuyamba kukumbutsa mapazi ake masitepe. Anaiponda mopuyo kawiri, n'kuipepesa. Eneida ankaona zonsezi, milomo itapakidwa kale, nsapato kuphazi, dzanja likuwawa kuyambira kuchala mpaka m'phewa. Disiki inatentha, iye anatukula chingwe pang'ono. Ankamva anthu akudutsa panja kupita kupaki, nsapato za zidendene zachitsulo zikulira pamsewu, ndipo ankazindikira madiresi ake ndi mmene ankakhwakhwazira.

Kamzere kanafika kumapeto, n'kuima pamenepo ngati kakuganiza zobwerera.

"Chikutani?" anafunsa Idalmis.

"Chikumeza," anatero Heriberto.

Kenako chinameza. Heriberto anataya mopu, anakhala pansi, n'kutsegula malo aja analembapo mzere zaka zapitazo. Anafufuta dzina la disiki ya pambali, n'kulemba malo atsopano, a mkati mwa seva momwemo. Unalidi mzere umodzi, waufupi kuposa mpendero wa mpango. Eneida anauyang'ana kwa nthawi. Anaganiza za malole a ku Santa Clara, za mphika pamiyendo, za nyimbo za pawindo.

"Siya, vieja."

Zala zinakana kutseguka. Idalmis anazimasula chimodzichimodzi. Heriberto anazula chingwe, kanyali kanazima, ndipo anauza seva kuti iyambe kudzikonza. Onse anawerama. Mizere inathamanga pagalasi, yosaima, yosafunsa za disiki.

"Chikudya chokha!" anakuwa a Wilfredo, n'kumenya a Casimiro pamsana mpaka chipewa kugwa.

"Chatsala n'chimodzi, bwana," anatero Heriberto, akumanga mabatani a malaya oyera. "Nthawi ndi nthawi chizifunsa ngati chipitirize. Pafunika munthu wokhala apa, wodina batani ili. Musachoke, chifukwa chikafunsa chimadikira."

"Ine? Nanga gule?"

Eneida anatola kapilo pansi, anakakutumula fumbi, n'kukaika pampando.

"Ntchito yake ndi iti, compadre? Kungokhala basi."

Anafika kupaki nyimbo ya mpikisano itangoyamba. Wolembetsa ovina anafuna kunena za kuchedwa, koma mkazi wake anali atavala diresi yosokedwa ndi Eneida, ndipo anamutsina. Analowa m'bwalo. Heriberto anaika dzanja lamanja m'chiuno mwa mkazi wake, ndipo ndi lamanzere ananyamula dzanja lija, lomwe linali lopindikabe ngati likutsina chinthu chosaoneka.

"Lazizira," anatero Heriberto.

"Lagwira ntchito."

"Lisiye lilemere. Ndalinyamula."

Eneida analisiya. Zinali zachilendo moti anaphonya sitepe yoyamba. Kenako mapazi anakumbuka. Danzón safuna changu. Mumayenda pamalo aang'ono ngati njerwa imodzi, ndipo nyimbo ikafika popumira, ovina amaima, akazi n'kutsegula zokupizira. Eneida anatsegula cha azakhali ake ndi dzanja lamanzere, n'kudzikupiza pang'onopang'ono, akuyang'ana madiresi ake onse akuzungulira paki, ndi yake yomwe pakati pawo.

Sanapambane. Heriberto anamuponda katatu, kamodzi pamaso penipeni pa oweruza, ndipo anapepesa mokweza ngati mmene anapepesera mopu. Anapambana wogulitsa mankhwala ndi mkazi wake, monganso chaka chatha.

Wolengeza anakwera pansanja kuti atchule maina, koma chimkuzamawu chinayamba kudukiza. Anachigogoda, chinalira, chinazima. Anagwedeza chingwe chake, mawu anabwera, anasiya, mawu anapita. Munthu wa bandi anawerama n'kunena kuti polowetsa pake ndi potakasuka, pakungofunika wina wogwirira kamphindi.

Mitu yonse ya m'paki inatembenuka, ya oweruza, ya oimba, ya ogulitsa mtedza, n'kuyang'ana malo amodzi.

Eneida anapitiriza kudzikupiza. Heriberto anayang'ana anthuwo, kenako anakweza dzanja la mkazi wake, lili m'dzanja lake, kuti onse alione.

"Pepani," anatero. "Ili ndaligwira ine."

Wogulitsa mankhwala anagwira yekha chingwecho kuti dzina lake limveke. Linamveka theka, chifukwa atangomva kuti wapambana anakweza manja onse awiri. Bandi inayamba nyimbo ina, ndipo Eneida anatseka chokupizira.